Kodi ubwino wa munthu tiuyeze ndi zimene wasiya m'dziko?

Miyezi ingapo yapitayo ndinatsutsana ndi mnzanga wina wakalekale pa nkhani imene mpaka lero sinandichoke m'mutu. Tinkakambirana za munthu wina amene anali atangotisiya kumene, ndipo ine ndinanena kuti malemuwo anali munthu wabwino. Mnzangayo, amene amakonda kuwerengetsa zinthu ndipo sagwirizana ndi mawu ongokometsera, anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Achimwene, mukamati anali abwino, mukutanthauza kuti anachita chiyani? Ndani amene moyo wake unasintha chifukwa cha iwowo?" Kenaka anayala maganizo ake mosapita m'mbali. Iye anati munthu wabwino ndi amene wasiya dziko lili bwinoko kusiyana ndi mmene analipezera, ndipo zina zonse, monga kufatsa, nsangala, ulemu ndi chifundo chimene sichinathandizepo aliyense, ndi zokongoletsera chabe.

Sindinamuyankhe msanga, chifukwa mawu akewo ali ndi mphamvu imene sindikufuna kuichepetsa. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo n'zoonadi kuti palibe amene angawoloke kuti akaone zimene zili m'kati mwa munthu wina. Chimene tonse timatha kuona ndi ntchito za manja ake pamodzi ndi zimene zatsatira ntchitozo. Mwana wodwala amachira wina akamupezera mankhwala, ndipo chisoni cha anthu oimirira pambali sichimutsitsira kutentha kwa thupi ngakhale pang'ono. Ndakumanapo ndi anthu ambiri amene amadziyesa abwino chifukwa choti mtima umawapweteka akaona wina akuvutika, pamene chifundo chawocho chimathera pa kupukusa mutu. Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill, anthu oganiza mozama a ku England, anamanga chiphunzitso chathunthu pa mfundo yakuti chochita chimakhala cholungama malinga ndi chimwemwe chimene chabweretsa ndi masautso amene chachepetsa. M'chaka cha 1972 Peter Singer wa ku Australia anafunsa funso limene limandisowetsabe mtendere: ngati tonse tikuvomereza kuti munthu ayenera kulowa m'dziwe kukavuula mwana amene akumira, ngakhale zovala zake zide ndi matope, n'chifukwa chiyani timadziona osalakwa pamene mwana wakutali akufa ndi njala imene ndalama zathu zochepa zikanatha kumupulumutsako? Munthu amene funso limeneli silimugwedeza n'komwe ndimamukayikira.

Vuto limayamba ndikatenga muyeso wa mnzangayo n'kuyamba kuyezera anthu enieni amene mbiri yawo ikudziwika. Fritz Haber anali wasayansi wa ku Germany. M'chaka cha 1909 anaonetsa kuti n'zotheka kutenga nayitrojeni wa mumlengalenga n'kumuphatikiza ndi haidrojeni kuti papangidwe amoniya, ndipo katswiri wina wa ku Germany komweko, Carl Bosch, anaikuza njirayo kufikira pamene fakitale yoyamba inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1913. Amoniya ameneyu ndi amene amapangira feteleza wambiri amene alimi amathira m'minda lero, moti akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi theka la anthu a padziko lapansi amadya chakudya chimene sichikanakololedwa popanda feteleza wotereyu. Komatu Haber yemweyo ndi amene anatsogolera ntchito yosandutsa mpweya wa klorini kukhala chida chankhondo pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Pa 22 Epulo 1915 mpweyawo unatsegulidwa pafupi ndi Ypres ku Belgium, mphepo n'kuutengera m'maenje mmene munabisala asilikali, ndipo ambiri anafa akubanika ngati akumira pamtunda pouma. Patangopita masiku ochepa, mkazi wake Clara Immerwahr, amenenso anali wasayansi, anadziwombera ndi mfuti kunyumba kwawo, ndipo Haber posakhalitsa ananyamuka kukapitiriza ntchito yomweyo kumalo ena ankhondo. Pambuyo pake analandira Mphoto ya Nobel ya chaka cha 1918 chifukwa cha amoniya uja.

Tikati tiphatikize miyoyo imene feteleza wapulumutsa n'kuchotserapo imene klorini inawononga, Haber adzatuluka ali pakati pa anthu abwino koposa amene anakhalako. Nditamuuza mnzanga uja zimenezi, iye anati mwina ndi mmene zililidi, ndipo kuti ifeyo timangoopa yankho limene masamu akutipatsa. Ine sindikuvomereza. Masamuwo akuyankha molondola funso lakuti kutulukira amoniya kunali kwaphindu motani, koma ine ndinafunsa za munthuyo, amene anadziwa bwino lomwe chimene klorini imachita m'mapapo a mnyamata, n'kuikonzabe ntchitoyo mosamala ndi monyadira. Anthu mabiliyoni amene akudya lero sangakhululuke m'malo mwa asilikali aja, popeza olakwiridwa sanali iwo.

Munthu amene wandithandiza kwambiri kumvetsa nkhaniyi ndi wina wosatchuka ngati Haber, Thomas Midgley, injiniya wa ku America amene ankagwira ntchito pansi pa kampani ya General Motors. Iye anabweretsa m'dziko zinthu ziwiri zimene zonse zinadzakhala tsoka lalikulu, ndipo tikangoyang'ana zotsatira zake zokha tidzamuweruza mofanana pa ziwirizo. Koma nkhani zake n'zosiyana kwambiri, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene ndikufuna kukhalitsapo.

Chimodzi mwa ziwirizo ndi mpweya woziziritsa wa m'mafiriji wa mtundu wa CFC, umene unkagulitsidwa m'dzina la Freon. Isanafike nthawi imeneyo, mafiriji ankagwiritsa ntchito mipweya yoopsa monga amoniya ndi ina yapoizoni, ndipo paipi ikabooka usiku banja lonse linkatha kufera kutulo. Midgley ndi anzake anafunafuna mpweya umene suyaka moto komanso umene supha munthu akaupuma, ndipo anaupeza. M'chaka cha 1930 iye anaukokera m'mapapo mwake pamaso pa asayansi anzake n'kuuzira kandulo, kandulo n'kuzima, pofuna kusonyeza kuti unali wosaopsa. Malinga ndi zonse zimene sayansi ya nthawi imeneyo inkadziwa, iye ankanena zoona. Munali m'chaka cha 1974, patapita zaka 30 Midgley atamwalira, pamene asayansi awiri, Mario Molina ndi Sherwood Rowland, anafotokoza kuti mpweyawu ukakwera kumwamba kwambiri umaphwanyidwa ndi kuwala kwa dzuwa n'kuyamba kuwononga ozoni amene amatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwalo. Mayiko anasayinira pangano lothetsa mipweya imeneyi ku Montreal m'chaka cha 1987. Kuonongeka kwake kunali kwakukulu, koma sindikuona chifukwa chomutchulira Midgley munthu woipa pa nkhani imeneyi. Anafuna kuteteza mabanja, anayesa zonse zimene akanatha kuyesa, ndipo choipacho chinabisala pamalo pamene maso a m'badwo wake sakanafika.

Nkhani ya mtovu ndi ina. M'chaka cha 1921 Midgley anapeza kuti kuthira mankhwala enaake a mtovu mu petulo kumathetsa kugogoda kwa injini ya galimoto. Kuti mtovu ndi poizoni zinali zodziwika kuyambira kalekale, ndipo iye mwini anadwala nawo m'chaka cha 1923 mpaka anakapuma kwa kanthawi kuti thupi libwerere m'chimake. Mu Okutobala 1924, pafakitale ina ya ku Bayway m'chigawo cha New Jersey imene inkapanga mankhwalawo, antchito anayamba kusokonezeka mutu, ambiri anagonekedwa m'chipatala ndipo asanu anafa. Anthu atayamba kuchita mantha, Midgley anaima pamaso pa atolankhani, n'kudzithira mankhwalawo m'manja ndi kupuma fungo lake kwa pafupifupi mphindi imodzi, akunena kuti palibe choopsa. Ndimaganizira kwambiri manja amenewo. Anali manja a munthu amene chaka chapitacho anali atamva yekha m'thupi mwake chimene mtovu umachita, ndipo anali kudziwa za maliro a antchito aja. Petulo wa mtovu anapitiriza kugulitsidwa kwa zaka zambirimbiri, utsi wake ukulowa m'magazi a ana ndi kuwononga ubongo wawo umene unali ukukula, mpaka dziko lomaliza, Algeria, linasiya kugulitsa petulo wotereyu wa galimoto m'chaka cha 2021.

Kuzimitsa kandulo kuja ndi kusamba m'manja kuja zikuoneka ngati zionetsero zofanana, ndipo zotsatira zake zonse zinali zowawa. Koma pa choyambacho munthuyo sanadziwe ndipo sakanadziwa, pamene pa chinacho umboni unali patebulo ndipo iye anasankha kuyang'ana kumbali. Muyeso wongowerenga zotsatira sutha kusiyanitsa zinthu ziwirizi, chonsecho kusiyana kumeneku ndi kumene aliyense wa ife amayang'ana akafuna kudziwa ngati angamudalire munthu.

Palinso mbali ya mwayi, imene anthu awiri oganiza mozama, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, anaikambirana m'chaka cha 1976, ndipo munthu safunika kukhala wophunzira kwambiri kuti aione. Makolo awiri m'nyumba ziwiri zosiyana aiwala botolo la mankhwala patebulo lalifupi. M'nyumba yoyamba mwana wadutsa osaliona, ndipo madzulo kholo lalibweza pamwamba, nkhani n'kuthera pomwepo. M'nyumba yachiwiri mwana walitsegula. Kusasamala kwa makolo awiriwa n'kofanana ndendende, koma mmodzi adzakhala moyo wake wonse akudziimba mlandu ndi kulozedwa chala, pamene winayo sadzakumbukira n'komwe za tsikulo. Mwayi umagwiranso ntchito kumbali ya zabwino. Usiku wa pa 26 Seputembala 1983, Stanislav Petrov, msilikali wa Soviet Union amene anali pa ntchito pamalo olondera mizinga pafupi ndi Moscow, anaona makompyuta akusonyeza kuti America yaponya mizinga ya nyukiliya, woyamba umodzi, kenaka ina mpaka kukwana isanu. Iye analingalira kuti dziko lofuna kuyambitsa nkhondo yotere silingaponye mizinga yochepa choncho, ndipo anauza akuluakulu ake kuti makinawo alakwitsa. Zinadzadziwika kuti ma setilaiti anasokonezedwa ndi kuwala kwa dzuwa kumene kunanyezimira pamitambo. Ndimamulemekeza Petrov chifukwa cha kudekha ndi kulimba mtima kwake. Komabe ndikudziwa kuti padziko pali anthu ambiri odekha ndi olimba mtima chimodzimodzi amene sanakhalepo pampando ngati umenewo usiku ngati umenewo, ndipo sindingawaike pansi pa Petrov chifukwa choti mbiri sinawagogodere pakhomo.

Apa ndi pamene muyeso wa mnzanga uja umandipweteka kwenikweni, chifukwa kukula kwa zimene munthu angasinthe m'dziko kumadalira kwambiri pamene waima. Mwini chuma chambiri akhoza kusayina pepala limodzi m'mawa umodzi n'kupulumutsa ana ochuluka kuposa amene namwino angawasamalire m'moyo wake wonse, ndipo mwina osamva n'komwe kuti m'thumba mwake mwachoka kanthu. Ndikuyamikira kuti anasayina, ndipo ndikufuna asayinenso mawa. Koma ngati ubwino wa munthu uli m'chiwerengero chimenecho, ndiye kuti olemera, amphamvu ndi ophunzira ali ndi khomo lolowera ku ubwino limene osauka alibe, ndipo munthu wobadwa wopanda kanthu wagonja mpikisanowo asanayambe n'komwe kuthamanga. Nkhani ya m'Malemba ya mayi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri m'bokosi la zopereka inanenedwa potsutsa kawerengedwe kameneka.

Malemu amene tinkakambirana aja anali mayi amene ndinakhala nawo moyandikana kwa zaka zingapo. Apongozi awo aakazi anafa ziwalo mbali imodzi ya thupi, ndipo mayiwa anawasamalira kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkawaona m'mamawa akuyanika nsalu zapabedi zimene anachapa kusanache. Tsiku lina nditalowa kukazonda odwalawo, ndinawapeza akuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda zapamsana. Analowetsa dzanja limodzi pansi pa phewa, lina pansi pa chiuno, akuwauza motsitsa mawu kuti, "Amayi, tikutembenuka tsopano, gwirani khosi langa," ngakhale kuti dzanja la gogoyo silinkathanso kugwira kanthu. Ankachita zimenezi usana ndi usiku, maola angapo alionse. Gogoyo sanachire, ndipo aliyense ankadziwa kuti sadzachira. Anamwalira khungu lawo lili losalala, lopanda chilonda ngakhale chimodzi, ndipo patapita zaka zochepa mayi aja nawonso anatsatira. Mnzanga atafunsa kuti ndani amene moyo wake unasintha, yankho loona linali lakuti ndi gogo mmodzi amene anali kale panjira ya kumanda. Pa sikelo ya dziko lonse zimenezi n'zochepa kwambiri. Koma ine ndinaona dzanja lija pansi pa phewa, ndipo palibe kawerengedwe kamene kangandichititse kukayika za chimene ndinaona.

Zikafika apa, n'kosavuta kuthawira kumbali inayo n'kunena kuti chofunika ndi mtima basi. Immanuel Kant, munthu woganiza mozama wa ku Germany, analemba m'chaka cha 1785 kuti chinthu chokhacho chimene chili chabwino popanda malire ndi chifuniro chabwino, ndipo kuti chimakhalabe chamtengo wapatali ngakhale chitalephera kukwaniritsa kalikonse. Muli choonadi m'mawu amenewa, koma ndaona mmene ife anthu wamba timawasandutsira pobisalira, ndipo ndinabisalapo inenso.

Zaka zapitazo ndinadzipereka kulipirira maphunziro mwana wa mlongo wanga. Ndinasankha ndekha ntchito imene ndinkaona kuti idzamupatsa tsogolo, ndinalipira, ndipo ndinkamva bwino mumtima nthawi iliyonse imene ndatumiza ndalama. Sindinamufunsepo chimene iye ankafuna. Zizindikiro zinalipo: zotsatira za mayeso zinkatsika, foni ankayankha mwachidule, ndipo tsiku lina anayamba kunena kuti, "Amalume, pali nkhani ina imene ndimafuna ndikuuzeni," ine n'kumudula ndi malangizo a kulimbikira. Patapita zaka ziwiri anasiya sukuluyo, ali ndi manyazi aakulu ndiponso akudziona ngati wolephera amene wawononga ndalama za m'bale wake. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti cholinga changa chinali chabwino. Chinalidi chabwino, koma pepani sapoletsa chilonda, ndipo nditaunguza bwinobwino ndinapeza kuti chimene ndinkasamala kwambiri chinali chithunzi changa cha malume wothandiza, pamene mnyamatayo ndinali nditasiya kumuyang'ana. Kulakwa kwanga kunali kwa mtundu wa mtovu uja, ngakhale kunali kwakung'ono: umboni unali pamaso panga ndipo sindinafune kuuona, chifukwa ukanandisokonezera nkhani yokoma imene ndinkadziuza.

N'chifukwa chake sindingathe kutaya zotsatira monga mmene ena amachitira. Munthu amene amafunadi zabwino kwa mnzake amafunanso kudziwa ngati zabwinozo zafika. Amabwerera kukaona, amafunsa, amamvetsera yankho losamukomera, ndipo akapeza kuti thandizo lake likuvulaza amasintha njira ngakhale zimuchititse manyazi. Ignaz Semmelweis, dokotala wa pachipatala chachikulu cha ku Vienna, anachita zimenezi m'chaka cha 1847. Ataona kuti amayi ambiri akufa ndi malungo a pambuyo pobereka m'chipinda chimene munkagwira ntchito madokotala, anafufuza mpaka anazindikira kuti madokotalawo, iye mwini ali m'gulu lomwelo, ankatenga matendawo m'manja pochokera kokapima mitembo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Madokotala ambiri a nthawi yake anakana kumumvera, ndipo anamwalira m'chaka cha 1865 m'chipatala cha odwala misala, dziko lisanavomereze kuti ankanena zoona. Chimene chimandigwira mtima pa iye n'chakuti analolera kuvomereza kuti manja ake omwe, amene ankawayesa ochiritsa, anali atatengera amayi ena kumanda. Ambiri mwa anzake amene anakana kusamba analinso anthu ofuna kuchiritsa, koma sanathe kupirira ganizo limenelo.

Ndikafuna tsopano kunena ngati munthu ndi wabwino, ndimafunsa kuti anali ndi chiyani m'manja mwake ndipo anachita nacho chiyani, ankadziwa chiyani kapena akanadziwa chiyani akanafuna, ndiponso anatani pamene anaona kuti zochita zake zikupweteka wina. Mafunso amenewa amagwira wolemera ndi wosauka mofanana, ndipo amafuna zambiri kwa amene wapatsidwa zambiri. Sapereka nambala imene tingaike anthu pamndandanda kuyambira woyamba mpaka womaliza, ndipo mnzanga uja akuti chimenechi ndi chofooka chake. Mwina akunena zoona. Tinasiyana tsiku lija tisanagwirizane, ngakhale kuti pochoka anandifunsa dzina la mayi aja ndi kumene anaikidwa.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamuyendera chaka chathachi. Panopa amakonza mawaya a magetsi m'nyumba za anthu, ntchito imene anaphunzira payekha pothandizira mmisiri wina, ndipo ndi imene ankafuna kundiuza tsiku limene ndinamudula mawu lija. Ndinamupempha kuti andikhululukire. Anakhala chete kwa kanthawi akupukuta pulayala ndi kansalu, kenaka anati pali mayeso a satifiketi ya ntchitoyo amene akufuna kulemba, ndipo akuganiza kuti adzilipirira yekha. Ndinamufunsa ngati angalole kuti ndithandizeko, ndipo anati ayamba waganiza kaye, adzandiuza.